Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Kabuku ka miyeso

M'gawo lapita lija ndinalekezera pamene ndinapatsidwa ntchito yokonza maonekedwe a pulogalamu ya pafoni ya gulu lina losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Lilongwe. Ntchito inali itatsala pang'ono kutha pamene amayi oyang'anira gululo anandiimbira Lachiwiri lina madzulo.

"Achimwene, kubiriwira kuja n'kotuwa kwambiri. Mamembala athu ambiri amagulitsa pamsika, ndiye padzuwa mabatani sakuoneka. Mutisinthireko."

Amayiwo ankanena zoona. Koma mtima wanga unagunda, chifukwa ndinkadziwa mmene ndinagwirira ntchitoyo. Masikirini anali opitirira 40 mu Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a mapulogalamu, ndipo pa batani lililonse, pa mzere uliwonse, nambala yoimira mtundu wa utoto ndinaiika pamanja, payokhapayokha.

Usiku umenewo ndinakumbukira bambo anga. Iwo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo m'kabati ya makina awo munkakhala kabuku kakuda ndi mafuta. Tsamba lililonse linali ndi dzina la munthu, pansi pake chiuno, chifuwa, mapewa, kutalika kwa mkono. Kasitomala akanenepa, bambo ankafufuta nambala imodzi n'kulemba ina, basi chovala chilichonse chosokedwa kuyambira tsikulo chinkatsata muyeso watsopano. Sankadalira kukumbukira ndi mutu. Ine mwana wawo ndinasoka masikirini onse aja popanda kabuku.

Chonsecho kabuku kotero kanalipo kale mu Figma momwemo. Figma inabweretsa ma variable mu June 2023, ndipo alipo a mitundu inayi: a mtundu wa utoto, a nambala, a mawu, ndi a eya kapena ayi. Umalemba mtundu kamodzi, n'kuupatsa dzina, kenako n'kumangirira batani ku dzinalo. Ukasintha pa dzina paja, zonse zomangiriridwa zimasinthira limodzi. Kupanga ma variable kunanditengera ola limodzi lokha. Chovuta chinali kumangirira tinthu tambirimbiri tomwe ndinapanga kale.

Apa mpamene mnzanga wolemba makodi, malangizo oyendetsa mapulogalamu a kompyuta, anandithandiza. "Aise, usafe nazo izi. Tiyeni tiuze agent achite." Agent ndi pulogalamu ya AI, nzeru zopangidwa za kompyuta, imene umaituma ntchito n'kuichita yokha. Anandifotokozera za MCP, njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu November 2024 kuti AI izitha kugwiritsa ntchito zida za m'mapulogalamu ena, osati kumangocheza nawe. Figma nayo inatulutsa seva yake ya MCP mu June 2025, koma panthawiyo ntchito yake inali kuwerenga zojambula kuti zithandize wolemba makodi. Ife tinkafuna yosintha zinthu m'katimo, choncho mnzangayo analumikiza agent ku plugin, kapulogalamu kowonjezera mu Figma, yomwe inkalandira malamulo n'kuwachita mu fayilo yanga.

Za nambala zinayenda bwino. Mpata wa pakati pa zinthu, kupindika kwa ngodya za batani, mpata wa m'mbali mwa mawu, zonsezi zimamangirirwa ndi lamulo limodzi lotchedwa setBoundVariable, ndipo ndinkangoona tizizindikiro ta variable tikutulukira m'mbali mwa sikirini. Ndinaimirira pampando chifukwa cha chimwemwe.

Mitundu ndiyo inatizunguza mutu. Agent anatiuza kuti wamaliza, koma nditasintha kubiriwira kuja palibe batani linasintha. Mnzanga anafufuza mpaka anapeza chifukwa. Lamulo la utoto ndi lina, setBoundVariableForPaint, ndipo silikhudza batanilo. Limangokubwezera kope la utoto lomangiriridwa kale, ndiye iwe uyenera kulitenga n'kuliikanso pa batani. Plugin yathu inkapanga kopelo n'kulisiya m'malere. Mzere umodzi wa kodi unakonza zimenezi. Kuyambira tsikulo, agent akati wamaliza, ndimamuuza kuti awerengenso chinthucho andionetse dzina la variable yomwe ili pamenepo.

Vuto lachiwiri linali langa, ndipo ndi limene ndimaliganizira mpaka lero. Ma variable anga ndinawatcha mayina ngati "green-1" ndi "green-2". Agent anachita chimene aliyense akanachita ndi mayina otere: paliponse pomwe anapeza nambala ya mtundu yofanana, anamangirira ku dzina lomwelo. Batani la "Tumizani" ndi uthenga wakuti "Ndalama zalandiridwa" zinali zobiriwira mofanana, choncho zinakhala pa chingwe chimodzi. M'maso zinali bwinobwino. Koma tsiku limene gululo lidzafune mabatani a buluu, uthenga wotsimikizira mayi wogulitsa tomato kuti ndalama zake zafika udzasanduka wa buluu nawonso, pomwe iye anazolowera kuti kubiriwira ndiye kuti zatheka. Pa nkhani ya ndalama za anthu, kukayika kwa mphindi imodzi n'kokwanira kuti munthu atumizenso kachiwiri.

Bambo sankalemba "34" pamwamba pa tsamba. Ankalemba dzina la munthu, chifukwa anthu awiri a chiuno chofanana si munthu mmodzi. Ndinakhala pansi masiku awiri ndikutchanso mayina motsata ntchito ya chinthu: mtundu wa batani lalikulu, mtundu wa uthenga wa zatheka, mtundu wa chenjezo. Dzina lililonse linkaloza ku mtundu weniweni womwe uli m'munsi mwake. Nditamupatsa agent mayina amenewa, pamodzi ndi chiganizo chimodzi chofotokoza lililonse, anamangirira molondola pafupifupi zonse, ndipo pomwe anakayika anandifunsa. Tinachitanso chimodzimodzi ndi mawu, kuti sikirini izitembenuka kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo mpamene ndinaona mabatani omwe ankapanikiza mawu athu ataliatali.

Mwezi wotsatira ndinapita ku Blantyre ndi laputopu. Maso a bambo afooka, ndiye ndinakulitsa sikirini, n'kusintha nambala imodzi iwo akuyang'ana. Mabatani onse anada nthawi imodzi.

"Ndiye kuti ndi malaya osokedwa kale omwe asintha?"

"Eya, bambo. Onse."

Anakhala chete pang'ono, kenako anatuma mdzukulu wawo kuti akatenge kabuku kaja m'kabati.