Mmene ndinapirira masabata anayi oyamba nditasiya fodya

Ntchito yanga ndi yogula usipa padoko kwa Makawa, kuuyanika pathandala, kenako kupita nawo kumsika wa paboma pano pa Mangochi, nthawi zina mpaka ku Limbe. Ntchito imeneyi imayamba m'bandakucha, pamene maboti amene achezera panyanja ndi nyali akubwerera kumtunda, ndipo munthu amatha kukhala pamchenga maola awiri kapena atatu akungodikira. Kusuta ndinaphunzirira pa kudikira kumeneko ndili ndi zaka 20, ndipo pofika zaka 39 ndinkamaliza ndudu khumi patsiku, osawerengera fodya wa chingambwe amene ndinkapichira papepala ndalama zikavuta.

Chimene chinandisiyitsa ndi chifuwa. Ndinatsokomola kwa miyezi iwiri, thupi linayamba kutha, ndipo mayi a kunyumba anaumirira kuti ndikayezetse chifuwa chachikulu cha TB. Kuchipatala anayeza makhololo ndipo matendawo sanawapeze, koma a dokotala sanandilole kutuluka msanga. Anandifunsa kuchuluka kwa ndudu zimene ndinkasuta, ndipo anandifotokozera kuti munthu wosuta sachedwa kudwala TB poyerekeza ndi wosasuta, komanso kuti mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Zimenezi zinandiopsa, koma mantha okha sakanandifikitsa patali, popeza ndinali nditaopapo kale kangapo n'kubwereranso kuokala. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi zimene anandiuza za masiku oyamba: kuti chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kuti mavuto a m'thupi amayamba kuzilala pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndiponso kuti chibaba chikagwira sichikhala tsiku lonse, chimatenga mphindi zochepa n'kuleka, kenako n'kudzabweranso nthawi ina.

Sindinasiye tsiku lomwelo. Ndinadzipatsa sabata imodzi yokonzekera, ndipo ndinasankha Lolemba la m'mwezi wa June, nthawi ya mwera, pamene nyanja imawinduka ndipo masiku ena asodzi salowa m'madzi. Ndinaganiza kuti masiku odikira padoko akachepa, mayesero nawonso achepa. M'sabata imeneyo ndinatenga kope limene ndimalembamo ngongole za makasitomala, ndipo patsamba lomaliza ndinkalemba nthawi ndi malo pamene ndayatsa ndudu iliyonse. Pofika Lachisanu ndinaona kuti kusuta kwanga kunali ndi ndondomeko yake yosasintha: imodzi podzuka, zitatu padoko, imodzi nditamwa tiyi, imodzi pokangana mtengo ndi eni maboti, imodzi nditadya nsima masana, ndipo zotsalazo madzulo pa bawo. Tsamba limeneli ndi limene linandisonyeza malo amene ndinayenera kukonzekera, chifukwa chibaba sichinkangobwera mwachisawawa, chinali ndi nthawi zake ndi malo ake.

Lamlungu madzulo ndinachita zinthu zingapo zimene ndikulangiza aliyense kuti asazidumphe. Ndinapita kwa mayi amene ali ndi okala pafupi ndi nyumba yathu, ndinalipira ngongole yonse ya ndudu imene ndinali nayo, ndipo ndinawapempha kuti asadzandigulitsenso kapena kundikongoza fodya ngakhale nditachonderera motani. Kwathu kuno ndudu imagulitsidwa imodziimodzi, ndipo kusavuta kwake kumeneku ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri, chifukwa ndalama ya ndudu imodzi sisowa m'thumba. Kunyumba ndinatentha fodya wa chingambwe amene anatsala, machesi ndinakawasiya kukhitchini, ndipo jekete limene ndimavala padoko linachapidwa kuti fungo lichoke. Kenako ndinasonkhanitsa mayi a kunyumba ndi ana n'kuwauza kuti kuyambira mawa ndasiya, ndipo kuti masiku akubwerawo mwina ndikhala wovuta kukhala nane.

Tsiku loyamba silinavute monga ndinkaopera, makamaka m'mawa. Chimene ndinaona n'chakuti dzanja linkangopita lokha kuthumba la malaya, n'kupeza mulibe kanthu. Cha m'ma 2 koloko masana, nditadya nsima, ndinamva chizungulire pang'ono ndipo m'kamwa munauma. Ndinadzilimbitsa mtima ndi zimene bungwe la World Health Organization limanena, kuti pakatha maola 12 munthu asanasute, mpweya woipa wa carbon monoxide umene umadzaza m'magazi a wosuta umatsika n'kufika mlingo woyenera. Ndinagona mochedwa, koma ndinagona.

Tsiku lachitatu ndi limene sindidzaiwala. Mphepo inali itadekha usiku, maboti analowa, ndipo ndinayenera kupita padoko chifukwa usipa ukakhala wosowa umapita msanga. Ndinafika kukadali mdima, kukuzizira, mutu ukupweteka kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Alovi amene anali atangotsika m'boti anakhala pamchenga atafunda matumba, ndipo mmodzi anayatsa ndudu n'kumapatsirana ndi anzake. Mphepo inabweretsa utsiwo pamene ndinaima. M'kamwa munadzaza malovu, m'chifuwa munathina, manja ananjenjemera, ndipo mumtima munabwera mawu omveka bwino akuti ndipemphe kukokako kamodzi kokha, kuti mawa ndidzayambirenso kusiya. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, ndipo thupi limene lazolowera zimenezi kwa zaka 19 limadziwa bwino lomwe kuti mpumulo uli pafupi.

Ndinatulutsa foni n'kuyang'ana nthawi. Ndinachoka pamalopo n'kukaima mbali imene mphepo inkachokera, pafupi ndi madzi, kumene utsi sukanandipeza. Ndinali nditanyamula botolo la madzi akumwa, ndipo ndinamwa pang'onopang'ono, ulendo uliwonse ndikusunga madziwo m'kamwa kanthawi ndisanameze. Kenako ndinakoka mpweya ndi mphuno mpaka chifuwa kudzaza, n'kuutulutsa pakamwa mosafulumira, kakhumi. M'thumba limene kale munkakhala ndudu ndinali nditaikamo malambe, ndipo ndinaponya njere ziwiri m'kamwa n'kumamung'unya. Pamene ndinayang'ananso foni panali patadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo kuthina kuja kunali kutatha. Mutu unkapwetekabe, koma ndinatha kubwerera kukakambirana mtengo wa ndowa za usipa. Mmawa umenewo chibaba chinabwera kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndinachita chimodzimodzi. Kuyang'ana nthawi kunali kofunika kuposa zina zonse, chifukwa chibaba chikagwira munthu amaganiza kuti sichidzatha, koma foni inkandisonyeza ndi maso anga kuti chatha.

Vuto limene linandipweteka mtima kwambiri ndi ukali. Madzulo a tsiku lomwelo mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi anagwetsa beseni la usipa wouma pakhonde, ndipo ndinamukalipira ndi mawu amene sindinamuuzepo chibadwire. Mwanayo anathawira kuseri kwa nyumba akulira. Mayi ake anatola usipawo mwakachetechete, kenako anati, "Abambo, tikudziwa kuti thupi likukuvutani, koma mwanayu salakwa. Mukamva kuti mtima wabwera, muzituluka kaye." Ndinapita kukamupepesa mwanayo, ndipo kuyambira tsikulo ndikamva kutentha m'mutu ndinkatuluka osayankha, n'kuyenda mpaka kumsewu wa ku Monkey Bay n'kubwerera. Ukali umenewu ndi chizindikiro chodziwika cha kusowa kwa nikotini m'thupi, ndipo kwa ine unakhala pafupifupi masiku khumi, koma kudziwa chifukwa chake sikuchotsa udindo wa munthu pa mawu ake.

Tulo tinasowa sabata yonse yoyamba. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku nditalota ndikusuta, mtima ukugunda. Nditabwerera kuchipatala pa tsiku limene anandiuza, a dokotala anandifunsa za tiyi, ndipo ndinavomera kuti ndinkamwa makapu asanu a tiyi wa masamba ambiri pofuna kuiwala fodya. Anandifotokozera kuti utsi wa fodya umachititsa thupi kuchotsa msanga kafeini amene ali mu tiyi ndi khofi, choncho munthu akasiya kusuta, tiyi yemweyo amakhalitsa m'thupi ndipo amasowetsa tulo. Ndinachepetsa kufika makapu awiri, onse a m'mawa, ndipo masana ndinkamwa madzi kapena thobwa. Tulo tinabwerera pang'onopang'ono m'sabata yachiwiri.

Zina zinali zazing'ono koma zosautsa. Ndinadzimbidwa kwa masiku angapo mpaka nditayamba kudya mapapaya ndi ndiwo zamasamba zambiri. Njala inakula, ndipo poopa kumangodya mandasi ndinkayenda ndi nzimbe ndi mtedza wokazinga. Nzimbe inathandiza kwambiri chifukwa kusenda ndi kutafuna kumatanganitsa manja ndi kamwa nthawi imodzi. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi chakuti chifuwa chinakula m'malo mochepa, ndipo makhololo ankatuluka ambiri. A dokotala anandiuza kuti m'njira za mpweya muli titsitsi tating'ono timene timasesa zoipa, timene utsi umatifooketsa, ndipo tikayambanso kugwira ntchito munthu amatsokomola kwa kanthawi. Anandichenjezanso kuti ndikaona magazi m'makhololo, kapena ndikamva kupweteka pachifuwa ndi kubanika, ndisadikire koma ndibwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinagwa. Kunagwa maliro m'mudzi mwathu, ndipo monga mwa mwambo amuna tinachezera panja titazungulira moto. Malo amenewa sanali patsamba langa lija, choncho ndinapita wopanda madzi, wopanda malambe, wopanda ganizo la chochita. Cha pakati pa usiku, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja, mnzanga amene ndinakhala naye pafupi ananditambasulira ndudu yoyatsa kale, ndipo ndinalandira. Ndinasuta theka, mutu unazungulira, ndipo yotsalayo ndinaiponya pamoto. Kutacha chibaba chinabwera ndi mphamvu ngati ya masiku oyamba aja, ndipo maganizo akuti ndalephera kale, ndingogula paketi, anandizungulira m'mawa wonse. Ndinawauza mayi a kunyumba zimene zinachitika, popeza ndinadziwa kuti ndikabisa imodzi ndidzabisanso yachiwiri. Sindinayambirenso kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyamba. Ndinangolemba m'kope kuti pamaliro pafunika kukonzekera, ndipo usiku wotsatira ndinapita ndi botolo langa n'kukakhala pakati pa akuluakulu a mpingo amene sasuta.

Azakhali anga, pondimvera chisoni, anandiuza kuti ndiyese fodya wa mphuno kapena woika kunsi kwa mlomo, ati alibe utsi. Ndinakana mwaulemu, ndipo ndikupempha ena kuti asatsate njira imeneyi, chifukwa nikotini ndi yemweyo ndipo fodya woika m'kamwa amayambitsa khansa ya m'kamwa. Njira yothandiza imene ilipo ndi ya mankhwala opangidwira osiya kusuta, monga chingamu cha nikotini ndi zomata pakhungu, zimene zimachepetsa chibaba popanda utsi. Ine sindinazigwiritse ntchito, koma munthu amene wayesa kangapo n'kulephera, kapena amene amayatsa ndudu asanasukusule n'komwe, ndi bwino afunse achipatala za mankhwala amenewa, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Thandizo lina linachokera kwa mnzanga wachisilamu amene timagula naye limodzi nsomba, yemwe anasiya zaka zingapo zapitazo. Iye anandiuza kuti anasiyira m'mwezi wa Ramadan, ataona kuti ngati amatha kukhala kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa osasuta, ndiye kuti chotsala ndi maola a usiku okha. Ankandiimbira foni m'mawa uliwonse ndisanafike padoko, n'kungofunsa kuti, "Achimwene, lero ndi tsiku lachingati?" Padokopo ankaima nane mbali ya mphepo, ndipo anzathu akanditambasulira ndudu iye ndi amene ankayamba kuyankha kuti awa anasiya. Ku bawo sindinapiteko masabata atatu athunthu, ndipo nditabwererako ndinkasewera ndi iye pakhonde la kunyumba kwake kumene sikufika osuta.

Ndalama ya ndudu khumi ndinkaiponya m'chitini madzulo alionse, ndipo sabata yachinayi itatha mayi a kunyumba anatsegula chitinicho n'kukagulira ana makope ndi sopo. Nthawi imeneyo mutu unali utaleka kupweteka, tulo tinali titabwerera, ndipo chibaba chinkabwera kawiri kapena katatu patsiku m'malo mwa ola lililonse. Nsima ya chambo inayamba kukoma mosiyana ndi kale, ndipo fungo la utsi pa zovala za anthu m'minibasi ndinayamba kulimva patali. Kuchokera pamadzi kufika pamene pali mathandala anga pali kamtunda ka mchenga, ndipo kale ndikasenza beseni la usipa ndinkatula kawiri panjira kuti ndipume. M'sabata yachisanu ndinafika nalo osatula. Chifuwa chinatenga miyezi ingapo kuti chitheretu, ndipo mpaka lero, mwera ukawomba m'bandakucha wina n'kuyatsa ndudu pafupi nane, malovu amadzazabe m'kamwa, ndipo ndimasuntha n'kukaima kumene mphepo ikuchokera, botolo la madzi lili m'manja.