Mawu abwerera, zikomo abale anga a ku Joni

Loweruka lapitali ndinakhalanso pa maikolofoni patatha miyezi isanu ndili duu. Moni woyamba anatuluka wosasa ngati wa tambala wachimfine, komabe anatuluka.

Ambiri mukudziwa kuti madokotala anandipeza ndi kachotupa pakholingo. Atandichita opaleshoni anandiletsa kulankhula, kunong'ona komwe ayi, ati nakonso kumapweteka kholingo. Tangoganizani, munthu wodyera pakamwa zaka 20, kuyambira ndikuthamangira oimba ndi kope ku Blantyre mpaka kuulutsa pulogalamu pa intaneti m'kachipinda ka ku Yeoville, n'kumapempha madzi akumwa pochita kulemba pakapepala!

Mayi a kunyumba, zikomo. Timapepala timeneto munatiwerenga tonse, ndi todandaula tomwe, osatopa. Alamu anga, munagwirizira pulogalamu mpaka magetsi akathima mumaulutsa ndi batire ya galimoto. Mayina a oimba mumasokoneza ndithu, koma ndakukhululukirani.

Amene mwandiliza kwambiri ndinu omvera. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Sandton ndi Randburg, alonda a usiku, anyamata a m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg, munasonkha ma R20 ndi ma R50 mpaka lendi inakwana. Ndalama imeneyo ndikuidziwa, ndi yomwe mukanatumiza kumudzi pa basi ya ku Park Station.

Ndiye pali agogo ena, amene anabwera kumigodi pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, boma la Kamuzu lisanaimitse ulendowu mu 1974. Anakwera matekisi awiri kudzandiona, m'thumba muli kaseti yakale ya Daniel Kachamba. Poti ine sindimatha kuyankha, analankhula okha masana onse: mmene kwela, mtundu wa nyimbo zovina, inkalirira ndi tizitoliro m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, ndi mmene Daniel ndi mng'ono wake Donald anakaiphikira mwathumwathu ku Chileka. Ndafunsa oimba ambiri pa ntchito yangayi, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndinkawadula mawu msanga. Agogo, ndagwira mwendo.

Loweruka likudzali, 7 koloko madzulo, tidzatsegula ndi kaseti imeneyo. Adokotala andilola ola limodzi lokha, choncho nyimbo zichuluka, zolankhula zichepa. Alamu anga akuti bola pamenepo.