Lachinayi: nyemba zapserera

Ndadzuka 5 koloko, ndisanasukusule n'komwe dzanja linali litafika kale pansi pa pilo pomwe pamagona foni. Gulu la kwaya, gulu la makolo akusukulu, gulu la akumudzi, onse anali atalemba usiku. Ndinawerenga zonse, ngakhale zosandikhudza.

Masana ndinatereka nyemba pambaula n'kukhala pamkeka kuti ndingoonera kavidiyo kamodzi. Chinandidzidzimutsa ndi fungo. Mwana wanga anali ataima pakhomo, yunifomu ili m'thupi, akuti: "Amayi, ndakuitanani katatu." Nyembazo sindinazidandaule kwenikweni. Mawu akewo ndi amene andikhala pamtima mpaka pano.

Madzulo ndinatsegula pomwe foni imawerengera nthawi. Maola 6 ndi mphindi 40 lero lokha! Kulandira ndalama za makasitomala ndi kufufuza masitayilo a madiresi sizinakwane ndi theka la ola lomwe. Kwinako konse ndi TikTok, Facebook ndi WhatsApp. Ndiye ndikamati intaneti yandilowerera, si intaneti yonse ayi. Ndi kumene kuli anthu, kumene ndimadikira kuti wina ayankhe, wina akonde chithunzi changa. Nthawi zina ndimapeza kanthu, nthawi zambiri ayi, ndipo kusadziwako ndi komwe kumandibwezerako, ngati chibaba cha fodya.

Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, pulogalamu ya pawailesi imatha. Koma izi ukamakankha ndi chala sufika pansi. Njira imeneyi anaiyambitsa Aza Raskin, katswiri wa zamakompyuta wa ku America, mu 2006, ndipo mwiniwakeyo anadzanena poyera kuti akumva nayo chisoni.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kukomedwa ndi magemu mopitirira muyezo ndi matenda. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika magemuwo patsogolo pa zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale zinthu zikuwonongeka. Masamba a mchezo ngati TikTok ndi Facebook sanawaike pamndandanda wa matendawo, koma ine zitatu zonsezo ndadzionera ndekha lero, mphika wakuda uli m'manja.

Tadyera usipa womwe ndinakapempha kwa amayi oyandikana nawo nyumba. Foni ndinaitsekera m'kabati, kiyi n'kumupatsa mwana. Tili pakati pa kudya, ndinapezeka kawiri ndikusisita pamkeka pomwe imakhala. Iye anaona, sanalankhule kanthu, anangopitiriza kundifotokozera za mayeso a masamu a mawa.