Prelude ya malemu achimwene yafika ku Thondwe: mawu anga othokoza

Abale, alongo ndi anzanga nonse, ndikulemba mawu awa usiku uno ndisanasambe n'komwe, fumbi la ku Thondwe likadali m'tsitsi, chifukwa ndikadikira mawa ndidzayamba kusankha mawu ndipo zina zimene zili kukhosi zidzatsalira. Chiliza cha malemu achimwene tavundukula bwino lero, ndipo monga ndinalonjezera pa tsiku la maliro, ndinapita pa galimoto yawo ija, Honda Prelude ya 1994, alamu atakhala pambali panga. Yapita ndi kubwerako popanda chingwe chokokera ndiponso popanda wokankha. Mulungu alemekezeke.

Ambiri mwa inu mukudziwa mmene galimotoyi yandisautsira kwa miyezi isanu ndi iwiri, choncho sindibwereza zonse. Ikakhala paliwiro inalibe mlandu, pakuti injini ya H22A imene achimwene ankainyadira ija ikadali ndi mphamvu zake. Koma ikangotentha, ndiye ndiime pa maloboti, muvi wa injini unkakwera wokha kufika pafupi ndi 2,000, n'kugwa mpaka 1,000, n'kukweranso, ngati pali wina amene akuponda moto ndi kuusiya, chonsecho phazi langa lili pa buleki. Tsiku lina pamzere wa petulo ku Limbe, mayi wa galimoto ya kutsogolo anatsika n'kudzandifunsa pawindo ngati ndikuganiza kuti wofulumira ndine ndekha. Ndinasowa choyankha. Ndinazimitsa injini, ndipo mzere ukamasuntha ndinkatsika n'kumakankha ndi manja, tayi ili m'khosi.

Ndinayenda m'magalaja atatu. Sinditchula mayina, popeza lero ndi tsiku lothokoza. Oyamba anasintha mapulagi ndi fyuluta ya mafuta zimene zinalibe vuto. Achiwiri, ataona kuti makina awo oyezera alibe polowera pa galimoto yakale chonchi, anagamula kuti kompyuta yapsa ndipo ndiitanitse ina ku Japan. Achitatu ndiwo anandipweteka kwenikweni, chifukwa anacheka ndi sowo mitu ya mabawuti a sensa ya throttle (chitseko chimene chimalowetsa mpweya mu injini mukaponda moto), n'kuipotoza mwachisawawa, n'kupotozanso sikulu ya idling (kalilidwe ka injini phazi likachoka pa moto), kotero kuti ndinatuluka kumeneko ndi matenda awiri pamene ndinalowa ndi amodzi.

Munthu amene ndikufuna kuti nonse mumuthokoze pamodzi nane ndi achikulire a ku Ndirande, amene amagwira ntchito pansi pa kashedi ka malata kufupi ndi msika. Anandiletsa kulemba dzina lawo, akuti safuna phokoso, ndipo ndikulemekeza zimenezo. Amene anandilozera kwa iwo ndi aneba anga oyendetsa minibasi, ndipo kunena zoona ndinapita mokayika, chifukwa kumeneko kulibe chikwangwani, kulibe kompyuta, kuli bokosi limodzi la masipanala ndi benchi yothyoka mwendo.

Chinandidabwitsa n'chakuti bokosilo sanalitsegule. Anakhala pa kreti n'kuyamba kundifunsa ngati dokotala. Kodi imatero ikazizira, kapena ikatentha pokha? Kodi madzi mu radiyeta mumathira kangati? Kodi hita ikatsegulidwa imatulutsa mpweya wotentha nthawi zonse, kapena imadukiza? Palibe ndi mmodzi yemwe mwa amakaniko ena aja amene anandifunsapo za madzi, ndipo ndinaulula mwamanyazi kuti sabata iliyonse ndinkawonjezera botolo la madzi a pampopi, ndikuganiza kuti galimoto zakale zimatero. Anangogwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndilize injini, ndipo tinadikira mpaka fani italira kawiri. Kenaka anapinda kawaya n'kulumikiza timabowo tiwiri ta pa pulagi yoyezera ya mkati mwa galimoto. Anandifotokozera kuti Honda ya zaka zimenezo imanena yokha chimene chikuipweteka pophethira nyale ya injini: kasanu ndi kamodzi ndi sensa ya kutentha kwa madzi, kasanu ndi kawiri ndi sensa ya throttle, ndipo nambala 14 ndi valavu ya idling imene amaitcha IACV. Nyaleyo inangoyaka osaphethira. "Kompyuta yanu ilibe dandaulo, bambo," anatero. "Injiniyi ikuba mpweya penapake."

Mmene anandilongosolera nkhaniyi sindidzaiwala. Phazi likachoka pa moto, chitseko cha throttle chimatsekeka ndipo sensa imauza kompyuta kuti chatsekeka. Tsono ngati mpweya ukulowera njira ina yachinsinsi, injini imathamanga kupitirira muyeso, ndipo kompyuta, poona kuti chitseko n'chotseka koma liwiro la injini lili pamwamba, imaganiza kuti mukutsika phiri mwasiya moto, choncho imadula mafuta. Injini ikagwa, imabwezeretsa mafuta aja, mpweya wakuba uja n'kuikwezanso, ndipo zimangozungulira choncho. Kompyuta imene ndinatsala pang'ono kugulitsira njinga ya mwana kuti ndiisinthe inkangochita ntchito imene inapangidwira.

Anayamba ndi kupopera mankhwala otsukira kabureta pa timapaipi tonse ta mpweya ndi m'mbali mwa manifodi imene imagawa mpweya mu injini, khutu lili tcheru kuti amve ngati kulira kwa injini kusinthe, koma sikunasinthe. Atatero anachotsa chipaipi chachikulu chobweretsa mpweya n'kundionetsa mabowo awiri m'kamwa mwa throttle body, chitsulo chimene muli chitseko chija, lina m'mwamba lopita ku IACV, lina m'munsi lopita ku valavu ina yotchedwa FITV. Anaika chala chawo chimodzi, chakuda ndi girizi, pa bowo la m'munsilo. Ndinamva chala chikuyamwidwa kuti psuu, ndipo nthawi yomweyo muvi uja unatsika n'kukhala phee. Abale anga, miyezi isanu ndi iwiri, ndalama zimene sindifuna kuziwerengera pamaso pa mayi a kunyumba, ndiye chala chimodzi basi. Ndinatembenuka n'kumayang'ana kumsika kuti anyamata awo asaone misozi.

Valavu ya FITV imeneyi ntchito yake ndi kupatsa injini mpweya wowonjezera m'mawa ikadali yozizira. Mkati mwake muli phula limene limafufuma madzi a mu radiyeta akatentha, n'kutseka njirayo, kotero kuti injini yotentha siyenera kukoka kanthu pa bowo limenelo. Atamasula masikulu awiri a chivundikiro, tinapeza kuti kapulasitiki koyera kokhala ndi mazinga kamasuka kokha chifukwa cha kunjenjemera kwa zaka zonsezi, ndipo anakamanganso ndi sikuludilaiva mosamala. Mnyamata wina pamenepo anati bwanji angotseka bowolo ndi kachidutswa ka chitini monga amachitira ena, koma achikulirewo anakana, n'kumufunsa ngati iyeyo adzabwera kudzandiponderera moto m'mawa wa chiperoni mu June.

Ine ndinkaganiza kuti tatha, koma iwo anati tangoyamba. Anatsata nkhani ya madzi ija mpaka anapeza kapaipi kakang'ono pansi pa throttle body katang'ambika, kali ndi chikanga choyera m'mbali, ndipo ndi pamenepo pamene madzi ankathawira, mpweya n'kumalowa m'malo mwake. Mpweya ukakhala m'mapaipi amenewo phula lija silitentha bwino, ndiye valavu imatseka mwa apo ndi apo. Anasintha kapaipiko, anaimika galimoto pachitunda mutu uli m'mwamba, anatsegula hita, n'kumasula kabawuti kotulutsira mpweya mpaka madzi anayamba kutuluka opanda thovu. Anatsuka kasefa ka IACV kamene kanadzaza mwaye. Tsiku lachitatu anabwereka mita kwa mnzawo wokonza mawailesi n'kubwezera sensa imene anzathu aja anaipotoza, mpaka inawerenga 0.5 volts chitseko chili chotseka ndi 4.5 chili chotsegula, ndipo anazula fyuzi kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale zakale. Muvi unakhazikika pang'ono pamwamba pa 700, ndipo ndi pamene uli mpaka lero.

Mtengo umene ananditchulira unali wochepa moti ndinachita manyazi. Nditawonjezera, anabweza theka la zowonjezerazo n'kunena kuti ndikagule coolant yeniyeni, ndileke kumwetsa galimoto ya achimwene madzi a pampopi. Ambuye, inu amene mumaona zimene anthu amachita kumbali, akumbukireni bambo amenewa, muwapatse maso akuthwa ndi manja amphamvu, ndipo ana awo asagone ndi njala.

Ndithokoze alamu, amene anandipatsa makiyi osandifunsa ngakhale tambala, ndipo sanandifunsepo kuti galimoto ija ili pati ngakhale ndikudziwa kuti ankamva mphekesera. Ndithokoze mayi a kunyumba chifukwa chopirira, aneba anga a minibasi amene anandikokapo kawiri usiku pa Ginnery Corner, mphwanga amene ankaunikira ndi foni magetsi atazima, ndi anzanga a pa gulu la WhatsApp amene munanditumizira masamba a buku la galimotoyi. Kwa abale ena amene pa maliro munkafunsitsa za makiyi, koma itayamba kuvuta munati ndiigulitse kwa ophwasula ndipo foni zanga munasiya kuyankha, ndakuonani lero mukujambulitsa mutatsamira boneti, ndipo zithunzizo zatuluka bwino.

Titafika kumudzi ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango umene achimwene ankakonda kuimikapo, ndipo mwadala sindinaizimitse msanga. Alamu anakhala chete kwa kanthawi, dzanja lili pa dashibodi, kenaka anati, "Alamu, ikulira mmene inkalirira eni ake ali moyo." Mawu amenewo ndawatumiza kale kwa achikulire aja kudzera kwa aneba anga, popeza foni yawo imakhala yozima. Anandilamula kuti Loweruka ndibwererenso akaone ngati madzi sanatsike, ndipo ndipita m'mamawa, tambala amene alamu andipatsira kuti ndikawapatse ali m'buti.