Tebulo la sitoko litasokonekera ku Limbe

Magetsi anathima Lachitatu madzulo, ndipo m'mawa mwake foni inalira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali mwini sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe, amene ndimawasamalira kompyuta. "Achimwene, sitoko sikuoneka, anyamata akungolemba m'kope. Bwerani msanga." Ndinakwera minibasi pa Ginnery Corner.

Nditafika ndinatsegula mysql pa terminal, polembera malamulo a kompyuta. Imeneyi ndi client, pulogalamu yolankhulira ndi server ya MySQL imene imasunga sitoko m'matebulo. Ndikangosankha database, nkhokwe ya matebulowo, pulogalamu imaima kaye kenako n'kunditaya. Poyamba ndinaganiza kuti client ndi imene yafa, mpaka ndinatsala pang'ono kuichotsa n'kuikanso. Chinandiletsa ndi chakuti client imeneyi ikamalowa imayamba yawerenga mayina a matebulo onse ndi makolamu awo. Ndinalowanso ndi mysql -A kuti idumphe zimenezo, ndipo inalowa bwinobwino. Ndiye kuti chilipo chimene imapunthwa nacho m'tebulo lina.

Ndinayesa DESCRIBE, lamulo loonetsa makolamu, tebulo ndi tebulo. La makasitomala lili bwino, la ogulitsa lili bwino. La katundu linatulutsa mayina a makolamu odukaduka, timabokosi ndi zizindikiro za mafunso. Kubwereza kachiwiri, kunabwera ERROR 2013, yonena kuti kulumikizana ndi server kwaduka. Error log, fayilo yolembamo zolakwika, inasonyeza kuti server ndi imene imagwa n'kudzukanso. Client ija ndinangoinamizira.

Apa manja anayabwa kuti ndithamangire REPAIR TABLE, lamulo lokonzera tebulo, koma ndinadzigwira. Ndinaimitsa server n'kukopera foda yonse ya data pa flash. Kukonza usanakopere n'kutchova juga ndi ndalama za eni.

Makinawo ali ndi MySQL 5.7 ndipo tebulolo ndi la mtundu wa MyISAM, kutanthauza mafayilo atatu: .MYD imasunga data, .MYI imasunga index yofulumizitsa kusaka, pamene .frm imafotokoza makolamu. Imene DESCRIBE imadalira ndi .frm, ndipo REPAIR TABLE siikonza imeneyo, imafuna kuipeza ili yabwino. Mu MySQL 8.0 mafayilo a .frm anawachotsa, koma ife sitinafikeko.

Mwayi wake ndinali ndi backup ya mwezi watha yotengedwa ndi pulogalamu ya mysqldump. Ndinatengamo mzere wopangira tebulo wa CREATE TABLE wokha, n'kupanga tebulo lopanda kanthu mu database yoyeserera, kenako n'kutenga .frm yake kuika m'malo mwa yowonongekayo server ili chiimire. Izi zimatheka pokhapokha ngati makolamu sanasinthe chitengereni backup, choncho ndinafunsa kawiri ngati wina anagwirapo. Ndinayendetsa myisamchk -r, pulogalamu yokonzera matebulo a MyISAM, n'kudzutsa server. CHECK TABLE, yoyezera ngati tebulo lili bwino, inayankha OK, DESCRIBE inatulutsa makolamu onse mwaukhondo.

Tinawerenga matumba a shuga ndi mabelo a sopo kuyerekeza ndi m'kope. Zimene analowetsa Lachitatu magetsi ali pafupi kuthima zinasowa, anyamata anazilembanso pamanja.

Pansi pa desiki panali UPS yodzaza fumbi, chipangizo chothandiza kuti kompyuta isathime mwadzidzidzi magetsi akathima, batire lake linafa kalekale. Ndinawaonetsa mwini sitolo aja. "Bambo, iyi ndiye mugule kaye." Anangopukusa mutu n'kufunsa mtengo.