Njinga zitatu, malire atatu: kuchoka ku Joni mpaka kwathu ku Lunzu

Anayambitsa nkhaniyi ndi alamu anga. Tsiku lina Lamlungu tikuotcha nyama kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, iwo anati chaka chino sakweranso basi n'kumakhala masiku awiri atapanikizika pakati pa zikwama za anthu, apita kumudzi pa njinga yawo yamoto. Ine ndi msuweni wanga tinaseka mpaka misozi. Koma pofika mu Novembala tonse atatu tinali titakonza kale mapepala otulutsira njinga kunja kwa dziko, ndipo m'bandakucha wina wa mu Disembala 2022 tinaliza injini n'kulowa mu msewu wa N1.

Njinga zake zinali izi. Alamu ali ndi Suzuki GSX-R600 yomwe anagula kwa munthu, ya masilinda anayi, thanki ya malita 17, ndipo ikalira anthu a mumsewu amatembenuka. Msuweni wanga anali pa Kawasaki Ninja 400, yopepuka ngati nthenga, masilinda awiri, thanki ya malita 14. Ine ndinali pa Honda CBR500R ya mu 2019, masilinda awirinso, thanki yongopitirira pang'ono malita 17. Alamu amaitcha njinga ya aphunzitsi a Sande sukulu, chifukwa mphamvu yake imalekera pa 47 hp (muyeso wa mphamvu ya injini) pomwe yawo imapitirira 120 hp. Sananame ayi. Anthu a Honda anachita dala kuilekeza pamenepo kuti igwirizane ndi laisensi ya A2 ya ku Ulaya, yomwe silola munthu kuyendetsa njinga ya mphamvu yopitirira 35 kW, kufanana ndi 47 hp yomweyo. Ndinkangowayankha kuti, "Alamu, tikaonerana ku Zobue."

Tsiku loyamba silinali ndi zambiri. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Musina ndi makilomita opitirira 500 a phula losalala, malo omwetsera mafuta ali ponseponse, ndipo chosowetsa mtendere chinali kuvula magolovesi pa zipata zolipirira. Tinaima ku Polokwane, tinadutsa Louis Trichardt, kenako mapiri a Soutpansberg ndi ngalande zake, n'kutsikira ku chigwa cha malambe kumene mphepo imakumenya kumaso ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa. Pa malo aliwonse omwetsera ndinkalemba m'kabuku malita ndi makilomita, chizolowezi chomwe ndinatengera kwa malume anga omwe ankayendetsa lole. Pofika madzulo kabukuko kanali katanena kale zoona: ine ndinkayenda makilomita pafupifupi 27 pa lita, msuweni cha m'ma 24, alamu 16 kapena 17 malinga ndi mmene dzanja lawo layabwira. Ndiye kuti thanki yanga inkatha kundifikitsa kupitirira makilomita 400, ya msuweni cha m'ma 330, ya alamu osakwana 290. Ndinawawerengera manambalawa tikudya nsima ya mgaiwa ku Musina. Anati kabuku sikayendetsa njinga.

Tinadzaza mathanki usiku womwewo, ndipo mawa lake dzuwa lisanatuluke tinali pa mlatho wa Limpopo. Mu Disembala pa Beitbridge pamakhala namtindi wa anthu opita kwawo, mabasi okoka ngolo zodzaza mafiriji ndi mabedi, ndiye njinga zinakhala nthawi yaitali zikuyenda pang'onopang'ono injini zikulira. Mafuta amapita pamenepo munthu osazindikira. Kuchoka pa malirewo kukafika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 290, ndipo nthawi imeneyo msewu unkakonzedwa, moti malo ena tinkapatutsidwira m'njira zafumbi zomwe mvula ya usiku inasandutsa phala. Pa Rutenga ine ndinaloza malo omwetsera ndi dzanja. Alamu anandidutsa ngati mphenzi, mutu atauzika kuseri kwa galasi. Pa Ngundu sitinawapeze.

Tinawapeza patatsala makilomita ngati 30 kuti tifike ku Masvingo, atakhala pansi pa mtengo, helemeti ili pa bondo, njinga yaima chilili m'mbali mwa msewu ngati tambala wonyowa. Palibe anayankhula. Msuweni anatulutsa kapaipi kamene tinatengera za mwadzidzidzi, ine ndinatsegula thanki yanga, n'kufunafuna botolo la chakumwa m'tchire. Kukoka petulo ndi pakamwa si masewera. Koyamba ndinakoka mpweya wokhawokha, kachiwiri anabwera mwamphamvu n'kundidzaza m'kamwa, ndipo ndinalavula mpaka m'maso munachita mdima. Ana awiri oweta mbuzi anaima poteropo akutionerera, wina akuseka chobisa nkhope. Tinathira mabotolo anayi a theka la lita. Alamu anadikira kuti pampu ya m'thanki imalize kulira, anadina batani, chinjinga chija n'kudzuka ndi mkokomo wake wonse ngati palibe chachitika. Anangoti, "Zikomo achimwene," maso ali kumbali. Fungo la petulo linandikhala pakhosi mpaka ku Chivhu, ndipo tiyi yemwe ndinamwa kumeneko ankangomveka galaja.

Komabe pali chimene ndiyenera kuwavomereza alamu. Njinga yawo sinalakwe kanthu. Injini ya masilinda anayi yotha kuzungulira maulendo opitirira 15,000 pa mphindi anaipangira bwalo la mpikisano, komwe palibe amafunsa za mafuta. Ukamaiyendetsa pa liwiro la makilomita 120 pa ola imakhala ngati yaikidwa m'khola, dzanja limangofuna kupotokola, ndipo ukangopotokola thanki imatsika ukuona. Yanga pa liwiro lomwelo imangong'ung'udza ngati mayi akusinja. Ya msuweni ndiyo inkavutikako mphepo ikamachokera kutsogolo, chifukwa injini ya 399 cc imayenera kukwera kwambiri kuti isatsalire, ndipo tsiku limenelo inatsika kufika makilomita 22 pa lita. Petulo wa ku Zimbabwe amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, monganso kwathu amasakanizira wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Njinga zonse zitatu zinamumwa osadandaula, kungoti aliyense anaona kuti makilomita afupikako pang'ono.

Ku Harare tinagona ngati akufa. Alamu anadzuka akuyenda chowerama ngati agogo, manja atatupa, chifukwa zogwirira za GSX-R zili pansi ndipo thupi lonse limatsamira pa zikhatho. Makilomita 580 a tsiku limenelo anawamva m'mafupa. Ine msana unali bwinobwino, matako okha ndiwo anali atafa.

Tsiku lachitatu, titadutsa Murehwa ndi miyala ikuluikulu ya ku Mutoko, ndinayamba kumva kaphokoso kuchokera kwa msuweni, kangati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Titawoloka pa Nyamapanda n'kulowa m'Mozambique, tinaima pa Changara kuti tione. Tcheni chinali chouma gwa, chofiira ndi matope a dzulo, chitalendewera moti ukachikankha ndi chala chinkagunda chitsulo cha kumbuyo. Mnyamatayu anavomera yekha kuti chigulireni njingayo anali asanachithirepo mafuta, ankaganiza kuti zimenezo amachita a sevisi. Apa ndi pamene ndinakwiya ulendo wonsewu. Anthu amakangana pa Facebook usiku wonse kuti yodalirika ndi ya kampani iti, pomwe chimene chimasiya munthu panjira kawirikawiri ndi tcheni, tayala ndi batire, zinthu zimene mwini wake amayenera kuziona ndi maso ake m'mawa uliwonse.

Panali makaniko wina pansi pa mtengo wa msawu, wachinyamata, wokonza njinga za kabaza. Ankayankhula Chinyungwe, ife Chichewa, ndipo tinkamvana bwino ndithu, pena n'kumathandizira ndi manja. Anabweretsa tcheni chatsopano kuchokera m'bokosi lake, koma chinali cha saizi 428, cha njinga zazing'ono, pomwe Ninja ndi CBR zimafuna 520 ndipo ya alamu 525. Anachiika pambali pa chathu, anapukusa mutu n'kuseka. Ndiye tinachita zotheka. Tinapendeketsa njinga pa sitandi yake alamu atagwirira, tayala la kumbuyo n'kukhala m'malere, makaniko uja akutsuka tcheni ndi palafini ndi mswachi wakale, chigawo ndi chigawo, madzi akuda akudontha pa mchenga. Anafuna kutsukira petulo koma ndinamukaniza, chifukwa matcheni awa ali ndi timphira tosunga girisi m'kati ndipo petulo amatiwononga. Tinamasula nati ya ekiselo, tinakoka mbali zonse ziwiri mofanana potsata timizere, n'kupopera mafuta a tcheni amene ndinanyamula. Kaphokoso kanatha. Ndalama anatchula yochepa, ife tinamuwonjezera ndi botolo la madzi ozizira, lomwe ndikukhulupirira analikonda kuposa ndalamazo.

Tete ndi moto. Mafani a injini zonse zitatu ankangolira tikudikira kukwera mlatho wa Samora Machel, uja wolendewera pa zingwe, Zambezi ali tantha pansi pathu. Malole akuluakulu masiku ano amadzera mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, ndiye m'tauni mumapumako. Ya alamu ndiyo inkawotcha kwambiri, mpweya wa injini ukuwapsereza ntchafu, mpaka anafika poizimitsa paliponse pamene taima.

Usiku umenewo, tikudya nsomba m'mbali mwa mtsinje, nkhani inafika pa ndalama za sevisi. Mabuku a njinga zonse zitatu amati mavalavu aziyezedwa pa makilomita 24,000 kapena kuyandikira pamenepo, ndiye ukangoona nambalayo ungati n'zofanana. Koma ya alamu ili ndi mavalavu 16 ndi mapulagi anayi, ndipo kuti makaniko awafikire ayenera kuchotsa mapulasitiki onse, thanki ndi bokosi la mpweya. Zathuzi mavalavu ndi 8, mapulagi awiri. Tayala la kumbuyo la alamu ndi la mamilimita 180 m'lifupi, lofewa kuti ligwire pokhota, ndipo pa msewu wowongoka ngati uwu limadyeka pakati n'kukhala lafulati ngati la galimoto. Langa ndi la 160, la msuweni 150, zotsikirako mtengo ndiponso zokhalitsa. Alamu anawerengera ndi zala, anasiya, anati njinga yawo sanaigulire kuti azisunga ndalama. Pamenepo sindinawatsutse.

M'mawa mwake tinadzaza mathanki mpaka pakamwa ku Moatize, chifukwa abale anali atatiuza kale pa WhatsApp kuti kumudzi mafuta akuvuta, magalimoto akugona pa mizere kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja. Pakati pa malole a malasha, tayala la alamu linatola msomali. Mwayi wake matayala awa alibe chubu, ndiye tinazula msomali ndi pulayala, tinalowetsa kachingwe komatira, n'kupopa ndi kapampu ka batire. Mphindi 20 zokha. Likanang'ambika m'mbali bwenzi tikukamba zina, chifukwa tayala la 180 sungalipeze pa golosale ya m'mbali mwa msewu, akanadikira kuti wina alikweze basi kuchokera ku Joni.

Kukwera mapiri a ku Zobue ndi pamene alamu anabwezera. Msewu umakhotakhota, mpweya unayamba kuzizira, ndipo ndinangoona nyali yawo ya kumbuyo ikupendekera kumanja, kumanzere, kenako zii. Phokoso lokha linkabwerera kuchokera m'zigwa. Ndinapotokola yanga mpaka pamapeto, inayesetsa mwaulemu wake, koma mumtima ndinachita kaduka kosabisika. Tinawapeza pa chipata atavula kale helemeti, akumwetulira mano onse panja. "Paja mumati tikaonerana ku Zobue, achimwene?"

Kuchoka pa Mwanza tinatsikira ku Zalewa, tinawoloka Shire, n'kudutsa Lirangwe dzuwa likupendeka. Mizere ija tinaiona ndi maso: maminibasi, magalimoto, anyamata a kabaza atakhala pa njinga zawo zigubu zili m'manja. Titaima pa msika wa Lunzu anatizungulira. Onse anathamangira kwa alamu, kugwira thanki, kujambulitsa, kufunsa kuti imathamanga bwanji. Bambo mmodzi yekha wachikulire, wovala chovala chonyezimira cha kabaza, anabwera kwa ine, anagogoda thanki yanga ndi chala n'kufunsa kuti, "Bwana, imeneyi lita imodzi imakufikitsani pati?" Nditamuuza anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anati Boxer yake imaposa pamenepo kutalitali, n'kubwerera pa mzere wake.

Masabata awiri a tchuthi, GSX-R inakhala pabalaza kwa apongozi itafunditsidwa chitenje, thanki ili ndi mafuta ongokwana kukafika ku Mwanza. Ku ukwati wa ku Chiradzulu alamu anapita atakwera kumbuyo kwanga, mawondo ali m'makutu, atanyamula nkhuku ya mphatso m'manja.