Tsiku limodzi pa nsanja ya ku Mangochi

Tidanyamuka ku Lilongwe kusanache, ine ndi amalume. Ku Dedza kunkazizira moti aliyense adapinda manja, koma titangotsika Khwekhwerere, mabuleki a minibasi akununkha, majuzi onse adavulidwa. Pa Golomoti thukuta linali kamukamu.

Nsanja ya wotchi ija simungaiphonye. Yaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe mtsinje wa Shire umadutsa pochokera m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe. Ndi ya njerwa, idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikadali kutchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 idakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania wa lero. Ndidaugwira, chitsulo chake chikuotcha ngati chiwaya.

Ine ndinkafuna zithunzi basi. Amalume adali atapita kale pa chikumbutso cha Vipya, sitima yomwe idamira kumpoto kwa nyanja mu Julaye 1946, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Ndidawapeza atavula chipewa, akuwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Mphwanga," adatero, "agogo ako sankakwera bwato mwezi wa mwera. Ukafunsa chifukwa, ankangoti Vipya."

Mawu amenewa ndidawamvapo ndili mwana koma ndinkayesa ndi dzina la mzimu wa m'madzi. Sindinkadziwa kuti m'menemo munali amayi obereka ana kumbuyo, anthu onyamula mitolo yawo, opita kwawo ngati momwe ife timakwerera basi ya ku Mchinji. Foni ndidaibweza m'thumba. Zimandiwawa kuti anthu amadutsa pamalopa pa kabaza tsiku ndi tsiku, ana a sukulu nawonso, osatembenuka n'komwe.

Madzulo tidatsikira kudooko. Asodzi awiri ankasoka ukonde pamchenga, wina atapana chingwe ndi chala chachikulu cha kuphazi, uku akucheza m'Chiyao. Mayi wina adatigulitsa chambo chootcha, mchere ndi tsabola pa kapepala. Kumzikiti kudamveka kuitana kwa mapemphero. Amalume adadya mutu wa nsomba mwakachetechete, maso ali pa bwato lina lomwe linkapalasa kulowera kunyanja, mpaka lidazimirira kuseri kwa bango.